Kasupe wa ba Estina

Kabotolo kake kanali kakang'ono, kosaposa chala chachikulu, koyera, ka chivindikiro chobiriwira. Ba Estina anakalandira ku kiliniki ya ku Rufunsa mvula itangoyamba, pamene maso awo anafiira n'kumatuluka manthongo, moti m'mawa zikope zinkamatirirana ngati zapakidwa ulimbo. Namwino wa kumeneko anawalangiza bwinobwino. Anati matenda awo anali a tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo mankhwalawo anali opha tizilomboto. Anati azidontheza osadumphitsa mpaka masiku amene anawauza atakwana, nsonga ya botolo isakhudze diso, ndipo akachira, otsalawo akataye m'chimbudzi. Za kusagawirako munthu wina anachita kubwereza. Ba Estina anavomera zonse mutu ukugwedezeka, ndipo posakhalitsa maso awo anayera.

Koma tsiku lokataya litafika, anakweza kabotoloko padzuwa n'kuona kuti mankhwala sanafike n'pakati pomwe. Dzanja linakana. Ba Estina anali mayi wosadziwa kutaya chinthu. Chibwerere kuchokera ku Katete ndi malemu amuna awo kudzalima m'mbali mwa msewu waukulu, analera ana awo ndi nzeru ya kutsukuluza. Botolo la mafuta ophikira likatha ankathiramo madzi otentha, n'kukhutchumula, n'kukhuthulira mu ndiwo. Tizidutswa ta sopo ankatiumba pamodzi n'kukhala sopo wina. Ndiye mankhwala abwinobwino, ochiritsa, akaponye m'dzenje? Anakakulunga m'kansalu n'kukaika kuseri kwa mtsuko wa madzi, pozizira.

Woyamba kupempha anali ba Regina, mnzawo wogulitsa naye tomato ndi mbatata pamsewu. Ba Regina anali Mbemba ndipo ba Estina anali wa kum'mawa, choncho chimbuya, ubale wanthabwala wa mitundu iwiriyi, chinkawalola kunyozana tsiku lonse popanda wokwiya. M'mawa wina ba Regina anafika diso limodzi lili psu. Ba Estina anawauza kuti limenelo ndi dipo la kusuzumira m'mapoto a eni, kenaka anawakhazika pakhonde, anawapendeketsa mutu, n'kudontheza. Dzanja lawo silinkanjenjemera, dontho linkagwa pamalo pake. Ba Regina ananyamuka osathokoza, pakuti mankhwala sathokoza, ukathokoza amasuluka. Patapita masiku angapo diso linayera, ndipo pakamwa pa ba Regina panachita ntchito yotsalayo.

Anthu anayamba kubwera. Mayi wa mwana wa manthongo, mkulu wowotcha makala amene utsi unamufiiritsa maso, mtsikana wa kwaya, onse ankafika m'mawa n'kukhala pakhondepo. Kiliniki inali kutali, mzere wake wautali, pamene khonde la ba Estina linali pafupi ndipo silinkafunsa khadi. Popeza mankhwala sathokoza, palibe amene ankabwerera kudzanena kuti zayenda bwanji. Amene anachira ankaonekera pamoni wawo, umene unatalika ndi kulemera. Amene sanachire ba Estina sankamva za iwo. Kutchalitchi azimayi anayamba kuwasunthira malo kutsogolo, ndipo iwo, ngakhale ankakana ndi manja, mumtima ankamva kukoma.

Mankhwala anatsika mpaka kutsala pansi penipeni. Tsiku limenelo kunabwera agogo ena atatsogozedwa ndi mpongozi wawo, atayenda kuchokera kuseri kwa phiri, mapazi ali mbuu. Mawu akuti atha anakana kutuluka m'kamwa mwa ba Estina. Kwawo munthu womana ankamuimba m'nyimbo za pamtondo. Anawauza alendowo kuti ayambe apuma, iwo n'kulowa m'khitchini. Anawiritsa madzi, anawaziziritsa m'kapu, anafinya kabotolo kaja n'kuviika nsonga yake m'madzimo. Atamasula zala, kabotolo kanamwa kokha mpaka kudzaza. Anadziuza kuti mankhwala ali ngati mchere, pang'ono pokha pamakoleretsa mphika wonse. Agogo aja anadonthezedwa n'kubwerera kwawo.

Ulendo wachiwiri anawiritsanso madzi. Wachitatu nkhuni zinali zonyowa, anangotunga mumtsuko. Kuyambira pamenepo sanawiritsenso.

Mvula inatha, chimanga chinauma m'minda, kabotolo kali chidzalire. Anali ba Regina amene anakapatsa dzina, tsiku lina pamsewu, pamaso pa makasitomala.

"Imwe ba Estina, ka botolo kanu aka ni kasupe, kapena? Tumitsinje tonse twaphwa, zitsime zatsika, koma kwa a kum'mawa madzi akalibe kusila. Mutiuze ng'anga yanu."

Anthu anaseka, ba Estina nawo anaseka, n'kuyankha kuti Mbemba sangamvetse za kusunga chinthu popeza chake amadya tsiku lomwelo. Dzinalo linamera. Mpaka ana ankalozerana nyumba ya kasupe. Chimene chinkadzaza kasupeyo ba Estina sanauze munthu, ndipo ankachita poti palibe amene akuwaona.

Pakhomopo panali mpongozi wawo, Mailesi, mkazi wa Phinias, mwana wawo womaliza. Phinias anali kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka ndipo ankagona kunyumba mwa apo ndi apo, choncho nthawi zambiri azimayi awiriwa ankakhala okha. Mailesi anali wa ku Shikabeta, wongokwatiwa kumene, ndipo alangizi a kwawo anamuphunzitsa mwambo mpaka kumukhutitsa. Popereka madzi ankagwada, polankhula ndi apongozi ankayang'ana pansi, ndipo mawu akuti iyayi sanamvekepo m'kamwa mwake. Ba Estina ankanyadira zimenezi. Ankauza anzawo kuti masiku ano atsikana amakuyang'ana m'maso ngati wapolisi wa pamsewu, koma wawoyu ngakhale mtundu wa maso ake sakuudziwa. Ankanena moseka, osadziwa kuti akunena zoona.

Inali nyengo yopuntha chimanga, mphepo ya mwezi wozizira ikuwomba mosinthasintha. Mailesi ankauluza chimanga pabwalo pamene mphepo inatembenuka n'kumuponyera mankhusu kumaso. Ba Estina anamuona akutikita diso lamanzere ndi nsonga ya chitenje, misozi ikuyenderera. Anamuuza kuti asade nkhawa, pakhomo pano mpomwe anthu amathawira ndi maso. Anakatenga kabotolo kuseri kwa mtsuko. Wina aliyense akanamukhazika pakhonde n'kumugwira chibwano, koma kugwira nkhope ya mpongozi n'kumusuzumira m'maso kunali kosayenera. Anangomupatsira m'manja n'kumuuza kuti azidontheza m'mawa, masana ndi madzulo. Mailesi anagwada, analandira ndi manja awiri, anazengereza pang'ono, kenaka anapita kuseri kwa nyumba.

M'mawa uliwonse ba Estina ankafunsa za diso, ndipo m'mawa uliwonse yankho linali limodzi, lochokera pansi pa duku limene linatsitsidwa mpaka pa nsidze: kuliko bwino, amayi. Ba Estina ankalandira yankholo chifukwa ndi limene ankafuna. Komabe panali tinthu tina. Mailesi anayamba kupita kuchitsime dzuwa lisanatuluke, ndipo masana ankapeza ntchito za m'nyumba, kumdima. Tsiku lina pothira tiyi anaphonya kapu n'kuthira pamphasa. Tsiku lomwelo, iye atapita kudimba, ba Estina anatenga kabotolo kuti akadzazenso, ndipo atakakweza padzuwa anaona kanthu kotuwa ngati ulusi wa kangaude kakuyandama pansi. Anakhutchumula mpaka kanthuko kanabalalika. Anaima kanthawi kapu ili m'manja. Kenaka anaviika nsonga m'madzi monga mwa masiku onse, n'kukabwezera pawindo la mpongozi.

Amene anaona anali ba Regina. Anabwera kudzabwereka lichero, n'kupeza Mailesi atakhala m'khitchini chitseko chili chotseka dzuwa lili pamutu. Anayamba ndi nthabwala, kuti kodi a kum'mawa ayamba kubisa akazi a ana awo ngati fodya wamkulu. Mwambo wa upongozi sunkawamanga iwo, choncho anamukokera mtsikanayo pakhomo, anakankhira duku m'mwamba n'kumutukula chibwano. Nthabwala inathera pomwepo. Ba Estina, amene ankasankha nyemba pakhonde, anadabwa ndi chetechete wa mnzawo kuposa mmene akanadabwira ndi kukuwa.

"Estina, bwela uone."

Chidziwirane chawo ba Regina anali asanawaitanepo dzina lokha. Ba Estina ananyamuka nyemba zikukhuthukira pansi. Ndipo aka kanali koyamba kuyang'ana mpongozi wawo m'maso. Lamanja linali labwino, lalikulu, lamantha. Lamanzere linali lotupa, lofiira ngati nyama, zikope zitamata mafinya, ndipo pakati pa mwana wa diso, pamene payenera kukhala pakuda, panali kadontho koyera ngati njere ya mpunga. Kuwala kutagunda pamenepo Mailesi anatsinzina ndi thupi lonse, koma sanabuule. Ba Regina anamufunsa kuti wakhala chonchi kuyambira liti, iye n'kuyankha motsitsa kuti sizinali zambiri.

Anaimbira Phinias foni, ndipo mwamwayi minibasi yake inali panjira yobwerera. Podikira, ba Estina analowa m'chipinda cha mpongozi, anatenga kabotolo pawindo n'kukamangirira pansonga ya chitenje chawo. Maganizo awo anali oti akakaponye m'tchire panjira, kutali ndi mudzi, kumene sikadzaonekanso. Pagalimoto yopita kuchipatala cha ku Mpanshya anakhala chakuwindo dala. Mfundo anaimasula, kabotolo kanali m'chikhatho, udzu wouma ukudutsa panja, ndipo panalibe amene ankawayang'ana, pakuti Phinias anali atatanganidwa ndi kutchinga nkhope ya mkazi wake ndi jekete kuti dzuwa lisamuwombe. Koma dzanja lija limene linakana kutaya m'dzinja linakananso. Kaya unali umbombo womwe uja, kaya mantha, iwo sanadziwe. Anamanganso mfundoyo.

Kuchipatala cha mishoni anawalozera kwa namwino woona za maso, mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake ba Harriet. Anamukhazika Mailesi m'kachipinda ka mdima, anamudontheza mankhwala oziziritsa ululu, anakhudza diso ndi kapepala kopaka utoto wachikasu, kenaka anawalitsa tochi yabuluu. Ba Estina anali chiimire pafupi ndi chitseko, koma anaona bwinobwino. Pamene panali kadontho paja panawala mobiriwira, chilonda chonse chinaonekera, ndipo chinali chachikulu kuposa mmene chinkaonekera padzuwa.

Ba Harriet anafunsa chimene chinalowa m'diso, Mailesi anati mankhusu a chimanga. Anafunsa kuti nanga wakhala akuthiramo chiyani. Mailesi anati palibe. Namwinoyo anavula magalasi n'kulankhula mofatsa. Anati sakufunsa kuti akalipire munthu. Waonapo maso othiridwa madzi a masamba, shuga, mkaka wa m'mawere, ndi mankhwala ogula m'tisitolo, ena mwa iwo okhala ndi msanganizo umene umachititsa chilonda chotere kukumba mofulumira. Kuti asankhe mankhwala oyenera, anafunika kudziwa chenicheni chimene chalowamo. Akaphonya, anati, masiku atayika, ndipo diso ili lilibe masiku otaya.

Mailesi anayang'ana pansi. "Madzi chabe, ba sisita."

Mawuwo anawapyoza ba Estina pamtima. Mtsikanayu ankanama kuti awatchinjirize, anaganiza motero, ndipo bodza lakelo linali choona chenicheni chimene iwo anabisira mudzi wonse. Akanatha kukhala chete, ndipo nkhani ikanathera pomwepo, pakanapanda Phinias. Mantha ake anasanduka mkwiyo ndipo mkwiyowo unagwera pa mkazi wake. Anamufunsa kuti ndi umbuli wanji umenewu, anthu amachoka kuseri kwa mapiri kudzafuna mankhwala a amayi, iye ali nawo pakhomo pomwepo n'kumasamba madzi ngati bakha. Anati akanamvera amayi bwenzi onse ali kunyumba. Mailesi anangoweramitsa mutu kwambiri, ndipo dontho lachikasu linatsika patsaya lake n'kugwera pa chitenje.

"Musiye mkazi wako," anatero ba Estina.

Anamasula mfundo ija pansonga ya chitenje chawo. Anayenda n'kukaika kabotolo patebulo la namwino. Ba Harriet anakatembenuza, anawerenga kapepala kake kofufutika, anakakweza ku nyali. Anafunsa kuti anakatsegula liti, ba Estina anati mvula itangoyamba. Anafunsa kuti ndi anthu angati adonthezedwapo, iwo anati sangawerenge. Ndiye namwinoyo anafunsa funso limene ba Regina anafunsa moseka pamsewu paja, kuti nanga kakhala bwanji kodzaza mpaka lero.

"Nimaikamo madzi. A mumtsuko. Mankhwala anasila kale."

Phinias anatembenuka n'kuyang'ana amayi ake. Ba Estina anayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakonda kutero, koma ba Harriet sanakweze mawu. Anati mankhwalawo pachiyambi anali abwino, oyenera matenda amene anawapatsira. Koma botolo likatsegulidwa silikhalitsa, pakatha mwezi ngakhale lodzaza limatayidwa, ndipo nsonga imene yakhudza nsidze za anthu ambiri imatola zimene yapeza kwa uyu n'kukazisiya kwa uja. Ili, anati, silinalinso botolo la mankhwala, koma chithaphwi chimene mudzi wonse wasambamo m'maso. Ba Estina anafunsa ndi mawu aang'ono kuti nanga bwanji anthu ankachira. Namwino anayankha kuti maso ofiira ambiri amayera okha, ndipo diso losang'ambika lili ndi mpanda wake. La Mailesi mankhusu anali atalikanda, mpanda unali wogumuka, ndipo katatu patsiku munkathiridwa tizilombo.

Mailesi anagonekedwa m'chipatala. Ba Harriet ananena mosabisa kuti sangalonjeze. Amuyambitsa mankhwala amphamvu, odontheza ola lililonse usana ndi usiku, ndipo chilonda chikapanda kubwerera m'mbuyo m'masiku oyambirirawo, amutumiza ku Lusaka. Anamwino a m'wodi anali ochepa, choncho panafunika womudikirira wa dzanja lokhazikika, wosagona tulo tambiri, woti amuphunzitse kadonthezedwe. Phinias, osayang'ana amayi ake, anati aitanitsa mlamu wake ku Shikabeta. Namwino anati ku Shikabeta n'kutali, dontho lotsatira likufunika ola lisanathe. Pamenepo Mailesi ananena chapansipansi kuti akhale amayi.

Ba Estina sanadziwe ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena unali mwambo womwe uja umene unawafikitsa pano. Phinias atatuluka kukafuna bulangete ndi ziwiya, anakhala pa mpando pafupi ndi bedi n'kumuuza mtsikanayo kuti ngati sakuwafuna anene, palibe amene amuimbe mlandu. Kenaka, chifukwa mtima unkawakakamiza, anamuuza kuti sanafunike kunama chifukwa cha iwo. Mailesi anapotokola nsonga ya nsalu ya pabedi.

"Sininaname, amayi. Ninakuonani tsiku lina mu khitchini, muviika ka botolo mu kapu."

"Unaona? Diso lisanalasidwe?"

"Inde."

"Nanga unadonthezelanji, mwana iwe?"

"Munanipatsa ndimwe."

Ba Estina anayang'ana kukhoma. Anakumbukira kuzengereza kuja pabwalo, manja awiri atatambasuka, ndi mmene iwo ankadzitamira kwa anzawo za mpongozi wosadziwa kunena iyayi. Anafuna kulira koma anaona kuti kulirako kukanakhala kumupatsanso mtsikanayu ntchito yowatonthoza.

Ba Harriet anabwera ndi botolo latsopano, lomata chidindo, n'kulemba dzina la Mailesi ndi tsiku pambali pake. Anawatengera ba Estina kumpopi kukasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo. Anawaonetsa kukokera pansi chikope chamunsi, kugwira botolo m'mwamba pang'ono kuti nsonga isakhudze nsidze kapena chala, kudontheza dontho limodzi lokha, n'kutseka pomwepo. Mayi amene mudzi wonse unkamutama dzanja anaphunzitsidwa ngati mwana wa sukulu, ndipo sanatsutse kanthu. Nthawi itakwana anaika chikhatho pamphumi pa mpongozi wawo. Panali potentha. Mailesi, mwa chizolowezi, anatembenuzira nkhope kumbali.

"Niyang'ane," anatero ba Estina. "Apa mwambo tausiya panja. Manje niuze, diso lili bwanji?"

"Kuliko bw..."

"Osati ivo."

Mailesi anapuma mozama. "Libaba, amayi. Libaba maningi. Monga muli khala la moto."

Dontho linagwa pamalo pake.

Masiku otsatira ba Estina anawadziwa ndi wotchi ya pakhoma la wodi. Ankasamba m'manja mpaka khungu linasuwa, ankadontheza, ankakhala, ankasambanso. Azimayi odikirira odwala anzawo ankawayamikira kuti apongozi otere ndi osowa, ndipo mawuwo ankawawotcha kuposa chitonzo. Ena ba Estina ankangowasiya, koma mayi wina atanena kuti Mailesi ali ndi mwayi, anamuuza mosapsatira kuti diso limenelo analiwononga ndi iwo. Phinias ankabwera akapeza mpata, ankapereka moni kwa amayi ake mwaulemu wonse, ulemu wozizira ngati wopatsa mlendo. Ba Regina anafika tsiku lina ndi mbatata zophika, osabweretsa nthabwala ngakhale imodzi. Potsazikana panja anati dzina lija la kasupe analipereka ndi iwo, ndipo anthu ambiri anawatumiza ndi iwo, choncho katunduyu asamusenze okha. Ba Estina anapukusa mutu. Anati amene anauzidwa ndi namwino, kawiri konse, anali mmodzi.

M'mawa uliwonse ba Harriet ankabwera ndi kapepala kachikasu ndi tochi yabuluu. Poyamba kubiriwira kuja sikunasunthe, ndipo nkhani ya ku Lusaka inatchulidwanso. Kenaka m'mawa wina namwinoyo anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti m'mphepete mwayamba kuuma. Mafinya anachepa, kutupa kunaphwa, madontho anatalikirana. Mailesi anayamba kudandaula za zinthu zina, za phala la kuchipatala, za mayi wa bedi loyandikana amene ankaliza mkonono, ndipo tsiku lina anawauza apongozi ake kuti manja awo akuzizira, ayambe awafunditsa. Ba Estina anawafunditsa m'khwapa, mumtima akuthokoza kuti wawalamula.

Tsiku lotuluka, ba Harriet anatseka diso labwino la Mailesi ndi chikhatho, n'kuuza ba Estina kuti akaime pafupi ndi chitseko. Anamufunsa mtsikanayo chimene akuona. Diso lamanzere linayang'ana molunjika kwa apongozi ake. Kufiira kunali kutatha, koma kadontho koyera kanali pompo, kakang'ono kuposa kale, kosalala.

"Niona munthu waimilila," anatero Mailesi. "Chitenje chofiila. Nkhope siioneka, ili monga mu utsi."

Namwino anati diso lapulumuka, ndipo chimenecho n'chachikulu. Chipseracho chikhoza kupepuka pang'ono pakapita miyezi, koma kutheratu ayi. Anawapatsa botolo lomalizira kunyumba n'kuwauza tsiku lobwereranso. Za chochita ndi otsala sananene, anangowayang'ana ba Estina pamwamba pa magalasi, iwo n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Atafika kumudzi anapeza mayi wina wa tsidya la msewu atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, timaso take tili manthongo okhaokha. Anali atamva kuti abwera ndi botolo latsopano. Ba Estina anamva mawu akale aja akukwera kukhosi, akuti dikirani pang'ono. Anawabweza. Anamuuza mayiyo kuti kasupe anaphwa, ndipo sanali kasupe, anali madzi a mumtsuko. Anati botolo latsopanoli lili ndi dzina la mwini wake. Mayiyo ananyamuka nkhope itagwa, akung'ung'udza kuti anthu akalemera amaiwala anzawo, ndipo ba Estina anamutsatira mpaka pamsewu, anaimitsa minibasi yopita kukiliniki, n'kuonetsetsa kuti wakwera.

Mankhwala a Mailesi atakwana masiku ake, m'botolo lija munali mutatsala pang'ono pansi. Ba Estina anapita nalo kuchimbudzi masana, anthu akuona, ndipo anachita kutsegula zala chimodzichimodzi.

Mailesi anapitiriza kugwada popereka madzi, pakuti chimene alangizi a ku Shikabeta anadzala sichinkazuka msanga. Koma tsopano, kuti aone bwino pamene dzanja la wolandira lili, ankayenera kutukula nkhope n'kuipendeketsa pang'ono. Choncho m'mawa uliwonse, ba Estina akamatambasula manja kulandira kapu, ankakumana ndi maso a mpongozi wawo, lakuda ndi la kadontho. Sanaphunzire kuzolowera, ndipo sanadzilole kuyang'ana kumbali.